Funsani Amayi: "Akuti Mulungu anawaonetsa kuti ndine mkazi wawo, koma mtima wanga ukukana"

Moni nonse owerenga. Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya malonjezo, wina akufuna kulonjeza banja, wina akufuna kusayinira mnzake ngongole, wina analonjeza kale ndiye akufunsa ngati angabwerere m'mbuyo osachimwa. Ndasankhapo 4, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse. Yoyambayi ndikhalitsapo pang'ono chifukwa atsikana ambiri muno mu Lusaka akudutsa momwemu koma alibe omuuza.

Amayi, ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ku Mtendere ndi anti anga ndipo ndimagwira ntchito mu saluni. Ku tchalitchi ndimaimba kwaya. Kuli m'bale wina anayamba kubwera chaka chatha, amapemphera mwamphamvu ndipo abusa amamukonda. Miyezi 3 yapitayo anandiimitsa pa geti nati Mulungu anamuonetsa kumaloto kuti ine ndine mkazi wake. Ndinati ndikaganize kaye. Kenako pa ovanaiti mneneri wina wobwera anandiitana kutsogolo nati mwamuna wako ali mommuno, ukamukana ukhala zaka 10 osakwatiwa. Manje m'baleyu akuti ukwati uchitike chaka chisanathe ndipo ndisauze anthu ambiri, ngakhale akumudzi ku Katete, ati adani angatseke njira. Kwawo sindikudziwako amangoti ndi wa ku Copperbelt, za ntchito amangoti amachita mabizinesi. Mtima wanga ulibe mtendere koma ndikuopa kukana Mulungu. Ndichite bwanji?

Mwanangu, choyamba pumula kaye, kukana mwamuna sikukana Mulungu ayi. Ndikufuna mawu amenewa akhazikike mumtima mwako tisanapite kwina kulikonse chifukwa mantha amene akuikawo ndi amene akukutseka maso.

Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amalankhula, ngakhale kumaloto amalankhula, sindikutsutsa zimenezo. Koma taona mmene anachitira ndi Yosefe ndi Mariya. Mngelo anapita kwa Mariya payekha, pa Luka 1, kenako anapitanso kwa Yosefe payekha kumaloto, pa Mateyu 1:20. Sanauze mmodzi yekha kuti iwe pita ukamuumirize mnzakoyo. Ndiye ngati m'baleyu anaonadi maloto, malotowo ndi ake, amupatsa chilolezo choti akufunsire basi, sanakulande iwe ufulu woyankha. Ngakhale Rebeka, nkhani imene alaliki amakonda kuitchula pa maukwati, wantchito wa Abrahamu anapemphera ndipo chizindikiro chinachitikadi pachitsime paja, koma sanamunyamule mtsikanayo pomwepo. Analowa m'nyumba ya makolo ake, anakana ngakhale kudya mpaka atafotokoza zonse, kuti mbuye wake ndi ndani, ali ndi chiyani, mnyamatayo ndi mwana wa ndani. Ndipo pamapeto pake abale anati tiyeni timuitane mtsikanayo timufunse yekha, Genesis 24:57-58. Ukayerekeza ndi zako, uyu akuti usauze akwanu, kwawo sakutchula, ntchito sakutchula. Zikusiyana kutali.

Za mneneri uja. Pali nkhani ina pa 1 Mafumu 13 imene sitiiwerenga kawirikawiri koma ndimafuna mtsikana aliyense ataidziwa. Munthu wa Mulungu anachokera ku Yuda kupita ku Beteli, Mulungu atamuuza momveka kuti asadye kapena kumwa kumeneko. Mneneri wina wokalamba anamutsatira nati inenso ndine mneneri ngati iwe, mngelo wandiuza kuti ubwerere ukadye kwathu, ndipo Baibulo likunena poyera pa vesi 18 kuti anamunamiza. Munthu uja anamvera, anadya, ndipo panjira mkango unamupha. Amene anafa si wonamayo ayi, ndi womverayo. N'chifukwa chake 1 Yohane 4:1 akutiuza kuti tisakhulupirire mzimu uliwonse koma tiyese mizimuyo, ndipo 1 Atesalonika 5:20-21 akuti tisanyoze maulosi koma tiyese zonse. Kuyesa ulosi si kusakhulupirira, ndi lamulo limene tinapatsidwa. Ndiponso ulosi wobwera ndi chiopsezo, woti ukakana ukhala zaka 10, ine umandikayikitsa kwambiri, Atate wathu sagwira ana ake pakhosi kuti alowe m'banja. Ndipo usaiwale kuti mu tchalitchi nkhani zimayenda, mlendo akhoza kumva pa tebulo la chakudya kuti m'bale uje akufuna mtsikana wa kwaya uje, madzulo n'kuzinena ngati vumbulutso. Sindikuti ndi zimene zinachitika, ndikuti zimatheka, ndiye usamange moyo wako wonse pamenepo.

Chimene chandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi zinthu ziwiri zimene waziika pamodzi, changu ndi chinsinsi. Makolo athu sanali opusa pamene anaika ankhoswe. Ntchito ya nkhoswe si kudya nkhuku pa chinkhoswe chabe, ndi kupita kukaona kwawo kwa munthu, kumva kuti ndi mwana wa yani, anakwatirapo kapena ayi, ngati anasiya mkazi anamusiya bwanji, ana alipo angati ndipo akuwasamala ndani. Anzathu a Chibemba ali ndi shibukombe, ntchito yake ndi yomweyo. Boma nalonso linaika zake, mukafuna ukwati wa kwa Registrar, muno mu Lusaka mumapita ku Civic Centre pa Independence Avenue, mumalembetsa ndipo chidziwitsocho chimakhala poyera masiku 21 kuti aliyense wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo abwere anene. Matchalitchi ambiri amalengezanso masabata 3 pa chifukwa chomwecho. Ndiye taona, mwambo ukuti poyera, boma likuti poyera, mpingo ukuti poyera, munthu mmodzi yekha ndi amene akuti mobisa. Adani amene akuwaopawo mwina ndi anthu amene akumudziwa bwino.

Ndanena za Civic Centre, ndiwonjezere izi chifukwa ambiri amalira nazo mochedwa. Si mwambo uliwonse wa mu tchalitchi umene uli ukwati pamaso pa lamulo. Tchalitchicho chiyenera kukhala ndi chilolezo cha boma ndipo abusawo akhale ololedwa kumangitsa ukwati, apo ayi mwangolandira madalitso, satifiketi ya boma mulibe. Ndipo mwamuna amene ali kale ndi mkazi, kaya wa ku tchalitchi kaya wa mwambo, saloledwa kukamanga ukwati wa boma ndi mkazi wina, ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo zaka 5. Iweyo ukhoza kuvala velo, kujambulitsa zithunzi, kenako n'kudzamva kuti ukwati wako kulibe chifukwa ku Kitwe kapena ku Chingola kuli mayi wina ndi ana ake.

Ndiye chita izi. Uza anti ako lero lomwe, imbira foni amalume ako ku Katete. M'baleyo umuuze mwaulemu kuti sindikukana ndipo sindikuvomera, ndikufuna nthawi, ndikufuna abale anga akumane ndi abale anu, ndikufuna kudziwa kumene mumakhala ndi kumene mumagwira ntchito. Kupempha kuona reji yake, chiphaso cha boma chotchedwa NRC, si mwano ayi, pamenepo pamalembedwa dzina lenileni, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu ndi boma lakwawo, munthu wofuna kukupatsa dzina lake asavutike kukuonetsa dzinalo. Kenako ungoyang'ana mmene ayankhire. Mwamuna woopa Mulungu amakondwa mtsikana akafuna kuchita zinthu mwadongosolo, mwina adandaula pang'ono za kuchedwa koma abweretsa abale ake. Akakwiya, akayamba kukuuza kuti uli ndi mzimu wosamvera kapena spiritual husband, akathamangira kwa abusa kuti akukakamize, wayankha kale funso lako.

Ndipo pa nthawi yodikirayo usamuone pa guwa pokha. Pa maikolofoni aliyense amaoneka woyera. Kwera naye minibasi ya ku tauni uone mmene alankhulire ndi kondakitala akachedwa kumubwezera chenji cha K2, uone ngati foni ikalira amayankha pamaso pako kapena amaitembenuza n'kutuluka panja, umve mmene amatchulira amayi ake ndi akazi amene anakhalapo nawo, ngati onse anali oipa iye yekha wabwino samala. Yesu anati tidzawazindikira ndi zipatso zawo, Mateyu 7:16, sanati ndi mapemphero awo kapena malilime awo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu sungaudziwe usanaung'ambe.

Kusowa mtendere kumene ukunenako usakupeputse. Nthawi zina ndi mantha wamba amene aliyense amakhala nawo pa chinthu chachikulu, koma iwe watchula zifukwa zenizeni, sukudziwa kwawo, sukudziwa ntchito yake, akukuletsa kuuza abale. Apo si mantha chabe, ndi nzeru imene Mulungu yemweyo anakupatsa ikugwira ntchito. Pemphera, sala kudya ngati ukufuna, koma upemphere maso ali otsegula. Zaka 26 sunachedwe mwanangu, ngakhale anzako a kwaya onse atakwatiwa chaka chino.

Amayi, ndine bambo wa ana 3, ndine mphunzitsi wa boma ndipo ndimakhala ku Chawama. Mnzanga wa mu gulu la abambo ku tchalitchi akufuna K30,000 yokaodera katundu ku Nakonde. Iye alibe payslip ndiye akuti nditenge loni m'dzina langa, azindipatsa ndalama mwezi ndi mwezi. Akuti abale mwa Khristu amanyamulirana zothodwetsa. Ndi munthu wabwino, anandithandiza kwambiri pa maliro a bambo anga. Akazi anga sindinawauze chifukwa ndikudziwa akana. Kodi ndikakana ndiye kuti ndilibe chikondi?

Bambo, mwayankha nokha pamene mwati akazi anga akana. Ngati mukudziwa kuti akana ndiye kuti mukudziwanso chifukwa chake, ndipo malipiro amene mukufuna kuwaika pa chikolewo si anu nokha, ndi renti, ndi unga, ndi mayunifomu a ana 3 aja. Lonjezo limene simungalinene pamaso pa akazi anu musalisayine.

Tinene zoona zake za loni ya pa payslip. Mukasayina, ngongoleyo ndi yanu, dzina la mnzanuyo silikupezeka paliponse. Kwa inu antchito a boma ndalamayo imadulidwa ku payroll malipiro asanafike n'komwe m'manja mwanu, kaya katundu wagulidwa kaya wagwidwa pa boda chifukwa cha msonkho, kaya mnzanuyo wadwala, iwo amadula basi, mwezi ndi mwezi mpaka zaka zimene munagwirizanazo zithe. Ndipo chimene mudzabweze si K30,000 ayi, pali chiwongoladzanja ndi tindalama tina ta mapepala, mukawafunsa obwereketsawo kuti pamodzi ndidzabweza zingati mudzaona nokha. Ambiri amene amathera kwa a kaloba anayamba chonchi, malipiro atachepa ndiye akufuna pokwaniritsira mwezi.

Baibulo pa nkhaniyi silizungulira. Miyambo 22:26-27 akuti usakhale mmodzi wa operekera ena chikole pa ngongole, chifukwa ukalephera kulipira adzakuchotsera ngakhale kama amene ukugonapo. Miyambo 6:1-5 akuti ngati wachita kale usagone tulo, pita ukadzipulumutse. Vesi ya kunyamulirana zothodwetsa ilipodi, Agalatiya 6:2, koma mukatsika pang'ono pa vesi 5 akutinso aliyense adzasenza katundu wake, ndipo 1 Timoteo 5:8 ndi yolimba kwambiri kwa munthu wosasamala a m'nyumba mwake. Maliro, matenda, njala, izo ndi zothodwetsa zoti tithamangire. Mpamba wa bizinesi ndi nkhani ina.

Sindikuti mnzanuyo ndi wakuba, mwina ali ndi mtima wobwezadi. Koma ubwino wa munthu sutsimikizira kuti bizinesi iyenda. Zimene anakuchitirani pa maliro musaziiwale, ndipo njira yomuthokozera ilipo, khalani pansi ndi amayi a kunyumba mugwirizane ndalama imene mungathe kumupatsa ngakhale isabwerere, kaya ndi K1,000 kaya K2,000, mumupatse ndi mtima woyera. Mulimbikitseni alowe chilimba kapena village banking ayambe ndi katundu wochepa. Mukamuuza musanamizire kuti a banki akana, nenani zoona kuti m'bale wanga loni m'dzina langa sinditenga, koma ichi ndi chimene ndingathe. Ubale ukatha chifukwa cha mawu amenewo, bola uthe pano kusiyana n'kudzatha mutasiya kupatsana moni pa khomo la tchalitchi ngongole ili pakati.

Amayi, ine ndine Mkatolika, chibwenzi changa ndi cha SDA, mpingo wa Seventh-day Adventist. Takhala zaka 2, timakondana ndipo sitinayambanepo za chipembedzo. Akwawo akuti tisamangidwe m'goli ndi osakhulupirira. Kodi ine ndine wosakhulupirira? Ifeyo tagwirizana kuti za tchalitchi tidzaziona tikakwatirana. Mnyamata wa ku Matero.

Mwanangu, ine sindingakutche wosakhulupirira, 2 Akorinto 6:14 Paulo ankanena za anthu osamudziwa Khristu ndi za mafano, osati Mkhristu wa mpingo wina. Koma mawu ako omalizawo, akuti tidzaziona tikakwatirana, amenewo ndi amene sindikugwirizana nawo ngakhale pang'ono. Simunayambanepo chifukwa panopa aliyense amagona kwawo ndipo amapita kwawo.

Taganiza nyumba imodzi. Kwa mnzakoyo Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, ndipo Loweruka ndi tsiku limene muno timachita maukwati, ma kitchen party ndi kukagula zinthu ku msika wa Soweto. Mlongo wako akadzakwatiwa Loweruka, mkazi wako adzapita? Nyama ya nkhumba idzalowa mu mphika wa m'nyumbamo? Chakhumi chidzapita kuti? Ndipo chachikulu ndi ana. Ku Katolika ukafuna kukwatira Mkhristu wa mpingo wina pamafunika chilolezo cha abishopu, ndipo iweyo umalonjeza kuti udzachita zonse zimene ungathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Chikatolika, mnzakoyo amauzidwa za lonjezolo. A SDA sabatiza makanda, amabatiza munthu wozindikira pomumiza m'madzi, ndipo abusa awo kawirikawiri samangitsa ukwati wa membala wawo ndi munthu wa mpingo wina. Ndiye ngakhale funso loti ukwatiwo udzachitikira kuti likukudikirani.

Mabanja otere alipo ndipo ena akuyenda bwino, koma amene akuyenda bwinowo anakambirana zonsezi asanalowe, momveka, wina osabisa mumtima kuti ndikadzamukwatira ndidzamutembenuza. Yesu pa Luka 14:28 anati wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Pitani limodzi kwa abambo mfumu, mupitenso limodzi kwa abusa ake, mumve mbali zonse ndi makutu anu. Ndipo asasinthe mpingo wina aliyense pongofuna ukwati, chikumbumtima chokakamizidwa chimadzabwerera ana akabadwa.

Poti tatchula ana, mukayezetse magazi nonse awiri musanapite patali. HIV amayeza ulere mu zipatala za boma, ndipo ngakhale mmodzi atapezeka nako si mapeto a chikondi, mankhwala alipo oteteza mnzakeyo ndi ana. Mufunsenso za sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, ambiri sayezetsa, koma ngati nonse muli AS, kutanthauza kuti munatengera matendawa kwa kholo limodzi koma simudwala, mimba iliyonse imakhala ndi mwayi 1 pa 4 woti mwana abadwe ndi matendawa. Ndi bwino kusankha mukudziwa.

Amayi, ndili ndi zaka 29, ndimakhala ku Kanyama. Ukwati wanga watsala miyezi 2. Nsalamu, ndalama ya chitomero, analipira, lobola apereka theka, komiti ya kitchen party ili kale pa WhatsApp ndipo azimayi agula kale chitenje. Koma mwamunayu wandimenya mbama kawiri, koyamba chifukwa sindinayankhe foni ndili mu basi, kachiwiri anapeza meseji ya kasitomala wamwamuna. Akatero amalira, amagwada, timapemphera limodzi. Alangizi akuti banja n'kupirira, amayi anga akuti ndalama za lobola zinapita kale ku sukulu ya mlongo wanga ndiye tidzabweza chiyani. Ndinalonjeza pamaso pa abusa kuti ndidzakwatiwa naye ndipo Baibulo limati usachedwe kukwaniritsa chowinda. Ndikasiya ndachimwa?

Mwanangu, kalata yako ndaiwerenga mtima ukundiwawa. Ayi, sunachimwe ndipo ukasiya sudzachimwa. Ukwatiwu uimitse.

Vesi ukuinenayo ndi Mlaliki 5:4-5, ikunena za chowinda chimene munthu wawinda kwa Mulungu. Chitomero ndi lonjezo lolemera ndithu, sitisewera nalo, koma si lumbiro la ukwati, n'chifukwa chake pa tsiku la ukwati abusa amakufunsanso pamaso pa anthu ngati ukuvomera, ndipo amafunsa chifukwa ukadali ndi ufulu wonena kuti ayi. Nthawi ya chitomero inaikidwa kuti anthu aonane bwinobwino, ndiye iwe waona. Yosefe atangoganiza kuti Mariya wamulakwira anakonza zothetsa chitomero mwakachetechete, ndipo Mateyu 1:19 akumutcha munthu wolungama. Komanso amene waphwanya lonjezo pano si iwe, pamene ankakufunsira sanati ndidzakumenya ukachedwa kuyankha foni.

Misozi yake isakusokoneze. Mwina amamvadi chisoni pa nthawiyo, koma taona ndondomeko yake, kumenya, kulira, kupemphera, kukhala bwino masabata angapo, kenako kumenyanso. Wachita kawiri pa nthawi imene mwamuna amayesetsa kuoneka bwino, lobola asanamalize n'komwe, nanga akadzamaliza n'kumati ndinakulipirira, muli awiri m'nyumba chitseko chotseka? Ndipo zifukwa zakezo, foni ndi meseji ya kasitomala, zikuonetsa munthu wofuna kukulamulira, mawa adzati usiye bizinesi, mkuja adzati usapite kwa amayi ako. Miyambo 22:24 akuti usapalane ubwenzi ndi munthu waukali, ubwenzi chabe, nanga banja? Miyambo 22:3 akuti wochenjera amaona zoipa zikubwera n'kubisala koma achibwana amangopitirira n'kupwetekeka. Akolose 3:19 akulamula amuna kukonda akazi awo osawachitira nkhanza. Kumukhululukira umukhululukire, ndi udindo wathu Akhristu ndipo kumamasula mtima wako, koma kukhululuka sikutanthauza kuti ukadziperekenso m'manja mwake. Kulapa kwenikweni kumaoneka ndi nthawi yaitali, munthu atavomera kulakwa kwake pamaso pa akulu popanda kunena kuti unandiputa ndiwe, atafuna thandizo yekha, osati pa miyezi 2 yothamangira tsiku la holo.

Kwa alangizi anzanga, ndikupempheni ndi ulemu wonse. Kupirira kumene tinaphunzitsidwa ndi kwa pa umphawi, pa matenda, pa kusowa ana, pa ntchito ikatha. Mawu aja a Chibemba akuti shipikisha, kutanthauza pirira, tisawagwiritse ntchito pophimba zibakera, taika m'manda ana aakazi ambiri amene anauzidwa kuti apirire. Ndipo dziko lino lili ndi lamulo, Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011, kumenya mkazi kaya chibwenzi ndi mlandu, si nkhani ya m'nyumba ayi.

Za ndalama ndikumvetsa kuti amayi ako ali pa mpanipani, si kuti sakukonda, akuopa manyazi ndi ngongole. Koma lobola ndi nkhani ya mabanja awiri ndipo ili ndi njira yake, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi n'kugwirizana kuti zibwezedwa zingati ndipo motani, pang'onopang'ono zimatheka, zikavuta Local Court imaweruza nkhani zoterezi. Iwe umagwira ntchito, abale alipo, ndalama imabwezeka. Chitenje azimayi adzavala ku tchalitchi, a komiti adzalankhula sabata imodzi kapena ziwiri kenako adzapeza nkhani ina.

Tsopano mvetsetsa apa chifukwa ndi pofunika kwambiri. Nthawi imene mkazi akusiya mwamuna wankhanza ndi imene imakhala yoopsa kuposa ina iliyonse, ndiye usakamuuze uli wekha, usapite kunyumba kwake kukatsanzika, ngakhale atalira bwanji pa foni kuti tikumane komaliza. Uthengawo upite kudzera kwa ankhoswe ndi amalume ako. Uza munthu mmodzi kapena awiri amene umawakhulupirira zonse zimene zachitika, masiku ake ndi mmene zinachitikira, mameseji oopseza usafufute. Ngati n'kotheka kagone kwa m'bale kwa masabata angapo ndipo usamayende wekha usiku pochoka ku ntchito. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ukhoza kupitako ngakhale lero kukafotokoza, ndipo nambala ya 933 ndi yaulere, kuli aphungu othandiza pa nkhani za nkhanza. Akadzakukhudzanso pita ku polisi ndi ku chipatala tsiku lomwelo kuti zilembedwe.

Abusa ako uwauze zoona zonse, osati zoti tasemphana pang'ono, unene kuti wandimenya kawiri. Ndikhulupirira adzaima nawe. Akakuuza kuti ungopemphera ukwati upitirire, pita ndi amalume ako kapena mayi wina wamkulu wa mu mpingo mukanene kuti mwaimitsa, chifukwa wovomera pa guwa paja ndi iwe ndipo palibe angavomere m'malo mwako. Undilemberenso mwezi wamawa undiuze kuti uli kuti ndipo uli bwanji.